Achimwene Anachigireda Ngati Fodya

Alongo anga aakulu ndi munthu wabwino. Ndanena zimenezi poyambirira penipeni kuti wina asadzati sindinanene, chifukwa zotsalazi ndizilemba mtima ukutentha. Papita zaka ziwiri, koma nkhaniyi ikandibwerera ndili m'kalasi ndimangopezeka ndaika choko pansi, ana n'kumayang'anana kuti kodi amadamu lero tawalakwira chiyani.

Nkhani yake ndi ya chithunzi cha amayi. Si chithunzi chojambula amayiwo ayi, koma chithunzi chimene chinali chawo. Pa katundu yense wa malemu bambo athu, ndi chokhacho chimene abale a kuchimuna sanachinyamule maliro atatha, chifukwa anachiona kunyansa.

Abambo anali kuki pa mishoni ya kwathu, kumtunda kuno kumene mapiri a Dowa amakumana ndi a Ntchisi. Anaphikira wansembe wina wa ku Jeremani zaka zoposa makumi awiri, mpaka anadziwa kusasitsa kabichi mu mtsuko momwe mzunguyo ankafunira, ngakhale iwo eni sanamulawepo. Wansembeyo atakalamba n'kumabwerera kwawo, anagawa katundu wake. Akatekisiti analandira njinga. Wosamala dimba analandira wailesi ndi jekete. Abambo anafika kunyumba atapanira m'khwapa kathabwa kokutidwa m'nyuzipepala. Amayi amanena okha kuti tsiku limenelo anawalandira ndi mawu akuti, "Anzanu njinga, inu mwanditengera mzimayi wa nkhope yobiriwira!"

Sananame. Chithunzicho kukula kwake chinali ngati thireyi ya tiyi, chojambulidwa ndi penti wa mafuta pa thabwa lopyapyala. Panali mzimayi atawerama m'munda akukumba mbatatesi. Nkhope yake inali yobiriwira ngati munthu wodwala, manja aakulu kuposa mutu, kumwamba kuli bii ngati mvula ya matalala ikubwera, ndipo kumbuyo kwake kunali kanyumba kopendekeka koti mmisiri wa kuno akanakamanga akanathamangitsidwa m'mudzi. Pentiyo anali wokhuthala, wa mabampu, ukamukhudza ndi chala umamva mizere. Pangodya ya m'munsi panali dzina la wojambulayo, timalemba tothithikana tosawerengeka. Wansembe uja anangouza abambo kuti anachijambula ndi munthu wina wa kwawo, mnzawo wa makolo ake, kale nkhondo yachiwiri isanayambe. Zina sananene.

Chinakhala pa msomali umodzi pabalaza zaka pafupifupi makumi anayi, pakati pa mtanda ndi kalendala. Chinamwa utsi wa koloboyi, ntchentche zinachita zawo, chinada. Ife tili ana tinkachiopa. Koma amayi, omwe aja anachinyoza tsiku loyamba, anasintha mwakachetechete. Sankalola munthu kuchitsitsa. Akamazira m'nyumba ankachichotsa okha, kuchiika pa bedi lawo, n'kuchibwezera okha. Ine ndinkangoti ndi chikondi cha amayi amasiye pa katundu wa mwamuna wawo, ndipo sindinafunsepo zambiri.

Amene anayambitsa zonse ndine, ndisabise. Ndimaphunzitsa pa pulayimale ina kufupi ndi Chezi, ndipo kusukulu kwathu kunkabwera mayi wina wa ku Jeremani wogwira ntchito ku bungwe lina la kumsasa wa othawa kwawo ku Dzaleka, kudzatipatsa mabuku. Tinazolowerana. Loweruka lina ndinamutengera kumudzi kuti akagule mtedza kwa amayi. Analowa pabalaza, sanakhale n'komwe pampando umene tinamupatsa. Anaima pamaso pa chithunzicho, kuvala magalasi, kuwavula, kuwavalanso. Anajambula ndi foni yake chithunzi chonsecho, kenako kangodya ka dzina kaja. Anatuluka panja kukafuna netiweki pa chulu, ndipo pobwera nkhope yake inali itafiira.

Anandionetsa pa foniyo zithunzi zina za munthu yemweyo. Anthu ake anali omwewo, a nkhope zodwala ndi manja onga makasu. Pansi pa chilichonse panali mtengo umene chinagulidwira pa okushoni kwawoko. Ndinayesa kuusandutsa makwacha pa foni yanga, ziro zinachuluka mpaka ndinayambiranso poganiza kuti ndadina molakwika. Mayiyo anandigwira mkono n'kunena kuti tisathamange, mwina si chenicheni, pakufunika katswiri woyesa zithunzi achione. Anati akudziwa wina wogwira ntchito kumalo ogulitsira zithunzi pa okushoni ku Jeremani, ndipo angathe kuchiona kudzera pa kompyuta tikapita nacho ku ofesi yake ku Dzaleka patatha masabata atatu. Anandiuza kawiri konse, pang'onopang'ono ngati akuuza mwana wa sitandade wani: musachipukute, ngakhale ndi kansalu kouma, musachichotse mu felemu, chibwere mmene chililimu.

Akuti mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Sanena kuti kalumo komweko kamatemanso eni nyumba. Ine pakamwa panga sipasunga madzi. Dzuwa lisanalowe ndinali nditalemba kale pa gulu la banja la pa foni, ndipo Lamulungu lotsatira pakhomo pa amayi panadzaza ngati pali chinkhoswe. Anabwera ngakhale asuweni amene tinawaona komaliza tikumanga chiliza cha abambo. Aliyense analowa pabalaza kukaonera mzimayi wobiriwira uja, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamva munthu akuti, "Komatu n'chokongola." Bodza lenileni.

Amayi anawasiya onse alankhule, za malata, za chigayo, za galimoto. Atatopa, iwo anati, "Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Ine kugulitsa sindigulitsa. Akachione mzunguyo, anene mtengo wakewo, mumve, mitima yanu ikhale pansi. Koma tsiku lomwelo chibwerere pa msomali wanga mmene chachokeramo. Mwamva?"

Tonse tinati tamva. Achimwene, alongo anga aja, ndiwo anayankha mokweza kuposa onse, poti ndiwo eni mbumba. Ndinawaona m'maso kuti akuganiza zoti amayi akadzamva mtengo adzafewa okha. Inenso ndinkaganiza chimodzimodzi, ndisadziyeretse. Komabe lonjezo linali lomveka: chithunzi chipite, chibwere mmene chinalili.

Anthu atabalalika ndinawakokera achimwene kuseri kwa nkhokwe n'kuwauza zimene mayi uja ananena, kuti chisapukutidwe, chisakhudzidwe. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Iwe, okushoni ndinayamba kupitako usanalowe folomu wani," anatero. "Wogula amadutsa pa belo ngati mphepo. Amasolola mndindi umodzi, kuyang'ana mtundu, kununkhiza, basi wapita. Ukapititsa fodya wakuda, wachuku, wosakaniza ndi zinyalala, akubwezera. Mzungu ndi mmodzi, wa fodya ndi wa zithunzi. Safuna litsiro."

"Achimwene, ichi si fodya."

"Okushoni ndi okushoni. Mayi wakoyo akufuna chipite chakuda kuti achigule motchipa. Mavenda ndimawadziwa ine, ngakhale ovala magalasi."

Tinakangana, ndipo pomaliza anati, "Chabwino aphunzitsi, mwapambana." Ndinakhulupirira. Munthu wa zaka makumi anayi ndi zisanu, wodziwa alongo ake kuyambira ali mwana, ndinakhulupirira "chabwino" wa achimwene n'kubwerera kusukulu mtima uli mbee. Chimenechi ndicho chimandipsetsa mtima pa ine mwini.

Muwamvetse achimwene. Fodya wawo amadziwika kuyambira kwathu mpaka ku Bowe. Nthawi yosankha fodya amakhala m'chigafa kuyambira m'mawa, tsamba lililonse kulitambasula pa bondo, lofiirira uku, lowala uku, long'ambika uko. Akapeza nthenga ya nkhuku kapena kachingwe ka pulasitiki mu mndindi, nyumba yonse imamva. Belo lawo likatuluka mu jeke yopanikizira limakhala la ngodya zinayi zenizeni, losokedwa ngati suti. Moyo wawo wonse aphunzitsidwa chinthu chimodzi, kuti katundu sapita kumsika osakonzedwa, ndipo munthu wopititsa chinthu chakuda pamaso pa ogula ndi waulesi wochititsa manyazi banja. Ndiye Lolemba lotsatira anakwera njinga yamoto, kufika kwa amayi, n'kuwauza kuti mzungu wati chithunzi chitsogole. Amayi anachitsitsa okha, kuchikulunga m'chitenje chawo cha kutchalitchi, n'kuwapatsa. Ine sindinadziwe kanthu.

Tsiku loyesa litafika tinagwirizana kukumana ku Dzaleka. Ndinafika msanga, ndinadutsa pamsika pakati pa ogulitsa chapati ndi nyimbo za ku Kongo, ndinakadikira pakhomo pa ofesi ya mayi uja. Achimwene anatulukira atavala jekete ya maukwati, nsapato zopolishidwa, kumbuyo kwa njinga atamanga phukusi. Nditaona kuti phukusilo lakulungidwa m'chiguduli chatsopano, chosokedwa bwinobwino m'mbali ngati kabelo, ndinawathamangira.

"Mwachisokeranji m'chiguduli?" ndinafunsa.

"Usadandaule. Ukaona udzandithokoza."

Mu ofesimo mayi uja anali atayala nsalu yoyera patebulo pafupi ndi windo. Pa kompyuta panali bambo wachikulire wa imvi, kumbuyo kwake mashelefu a mabuku. Ameneyo ndiye anali katswiriyo. Anatipatsa moni mwaulemu. Tinagwirizana kuti iye azilankhula Chingerezi, ine ndizimasulira achimwene. Anati chithunzi cha pa foni chija wachiyang'ana masiku ambiri, ndipo sakufuna kulonjeza, koma mtima wake ukumuuza kuti n'chenicheni, cha zaka zimene ogula amalimbirana kwambiri. Anafotokoza kuti zithunzi zambiri za wojambulayo zinawonongedwa ndi boma la nthawiyo, limene linkadana ndi zojambula zoonetsa anthu osauka ndi odwala, n'chifukwa chake zotsalazo zili zochepa. Ndinamasulira. Achimwene anagwedeza mutu ngati munthu amene akumva zimene ankadziwa kale, anatulutsa kampeni, n'kuyamba kudula ulusi.

Chinayamba kutuluka ndi fungo, fungo la vanishi watsopano ngati m'shopu ya mabokosi a maliro. Kenako felemu yagolide, ya pulasitiki. Kenako chithunzicho.

Kumwamba kuja kunali kwa buluu, mbee, kuli dzuwa lachikasu ndi mbalame ziwiri. Kanyumba kanawongoka, kanafoleredwa ndi malata, kali ndi windo la magalasi. Mzimayi uja anali atawongoka msana pang'ono, manja atachepa, nkhope yosalala yofiirira, nsidze zopindika, milomo yofiira, akumwetulira. Ndinamuzindikira nthawi yomweyo. Ndi mzimayi yemweyo amene ali pakhoma la saluni iliyonse kuyambira pa Dzaleka mpaka pa boma. Pangodya ya m'munsi dzina la wojambula linalembedwanso ndi penti woyera, malemba akuluakulu owongoka, ngati a pa golosale.

Mayi uja anagwira pakamwa. Pa kompyuta paja bamboyo anayandikira, nkhope yake inadzaza galasi lonse, ndipo anachiyang'anitsitsa osaphethira moti ndinayesa netiweki yathawa.

Achimwene anayesa kuti anthu asowa chonena chifukwa cha kukongola. Anayamba kufotokoza, monyadira, ine n'kumamasulira chifukwa ndinalibe pothawira. Anati anayamba achitsuka ndi sopo wa ufa ndi burashi, madzi anatuluka akuda ngati a m'dambo. Kenako anapita nacho kwa mmisiri wolemba zikwangwani pamsika, katswiri weniweni, amene anajambula mashopu onse a mzere wa kutsogolo. Mmisiriyo anaona kuti penti wakaleyo ndi wa mabampu, ndiye anamukwecha ndi sandipepa mpaka thabwa linasalala, n'kujambulanso bwinobwino motsatira mmene zinalili, kungokonza molakwika. Dzinalo silinkaoneka, ndiye analikuza kuti wogula asavutike. Achimwenewo anagulitsa mbuzi kuti zonsezi zitheke.

Mawu akuti sandipepa ndinawamasulira ndi mawu anga anga, pakamwa panga pomwe. Bambo uja anatseka maso.

Atatsegula anafunsa mofatsa ngati tingachitembenuze. Anati nthawi zina kumbuyo kumanena zambiri kuposa kutsogolo: pamakhala timapepala tomata ta malo amene chithunzi chinaonetsedwako, zidindo, manambala, zolemba pamanja za wojambulayo kapena za eni ake oyamba. Anati ngakhale kutsogolo kwawonongeka, zimenezo zingathandize kuti mbiri yake isatayike. Mayi uja anachitembenuza. Kumbuyo kunali kwakuda bii, penti wonyezimira wopakidwa kawiri.

"Panali chipepala chakhaki," achimwene anatero nditawafunsa. "Chakale, chodyedwa ndi mphemvu, cholembalemba paliponse, tina tomatamata. Ndinachimatula chonse n'kuchitentha. Zinyalala sizipita ku okushoni."

Katswiriyo sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa. Anangoti pepani kwambiri, malo awo sangachilandire, ndipo sakudziwa ena amene angachilandire. Anati penti wopakidwa pamwamba amatha kuchotsedwa ndi anthu odziwa, koma zimene zakwechedwa zapita. Anati utsi uja, litsiro lija, mabampu aja, ndi zimene ogula amafuna kuziona, chifukwa ndi umboni wakuti dzanja la munthuyo linadutsapo ndipo palibe wina anaseweretsapo.

Ndinamasulira. Achimwene anandiyang'ana ngati ndikuwanamiza.

"Umufunse giredi yake. Chilichonse chili ndi giredi, ngakhale yotsika."

Ndinafunsa. Bamboyo anati palibe giredi. Mtengo wake ndi wa felemuyo basi.

"Ndiye umuuze kuti tikakonzanso. Belo likabwezedwa timalimasula, kulisankhanso, n'kulipititsanso sabata yamawa. Anene chimene sanachikonde. Ngati ndi mbalamezo tikafufuta."

Zimenezo sindinamasulire. Ndinanyamuka n'kutuluka panja.

Achimwene anandipeza pafupi ndi chiwaya cha tchipisi atanyamula kabelo kawo, ndipo pamenepo ndinaiwala kuti ndi akulu anga, ndinaiwala kuti ndi ankhoswe a banja langa, ndinaiwala kuti ndine mphunzitsi woti makolo a ana anga angandione. Ndinakalipa mpaka a kabaza anazimitsa njinga kuti amve bwino.

"Ndinakuuzani kapena sindinakuuzeni? Kuseri kwa nkhokwe ndinkalankhula ndi ndani, ndi nkhuku? Safunsa anadya phula, koma inu munachita kuuzidwa, n'kudyabe! Mukudziwa zonse inu, eti? Fodya mukudziwa, azungu mukuwadziwa, zithunzi mukuzidziwa. Chinthu chinapulumuka nkhondo kwawoko, chinawoloka nyanja, chinapulumuka chiswe ndi abale a abambo, kudzafera m'manja mwa inu ndi sandipepa!"

"Ndimafuna chikagulidwe bwino," anatero, mawu ali pansi. "Ndimafuna amayi asachite manyazi."

"Amayi anati chibwerere mmene chinachokera! Mukawapatsa chiyani? Mzimayi wa pa saluniyu?"

Anayamba kumangirira phukusi pa njinga, manja akulephera kumanga mfundo imene amanga moyo wawo wonse.

M'njira yonse yobwerera, nditakhala kumbuyo kwa njinga yawo poti ina panalibe, ukali wanga unkasowa poima. Unkayamba pa msana wa achimwene umene unali patsogolo pangapo, n'kulumphira kwa mmisiri wa zikwangwani amene anaona ntchito ya mnzake n'kuganiza kuti akuikonza. Unkapita kwa wansembe uja, amene anapatsa kuki wake chinthu chotere osamuuza kuti n'chiyani, kaya sankadziwa, kaya ankadziwa n'kungoti adzaona okha. Unkafika mpaka kwa ogula a kutali aja. Munthu wajambula mzimayi wosauka akukumba mbatatesi, nkhope itabiriwira ndi njala, ndipo anthu okhuta akukweza manja kulimbirana kuti akamupachike pabalaza. Amayi anga awerama chimodzimodzi m'munda zaka zonsezi, palibe anakwezapo dzanja. Ndipo achimwene, amene abwezeredwapo mabelo chifukwa cha kanthenga kamodzi, lero akuuzidwa kuti pa okushoni iyi litsiro ndiye ndalama. Ndani anawaphunzitsa kuopa litsiro? Koma ndikafika pamenepo ndinkakumbukira kuti ndinawauza, ndinawauza ndithu, ukali n'kubwereranso pa msana womwewo.

Tinafika kumudzi dzuwa litapendeka. Amayi anali pakhonde akuswa mtedza. Asuweni awiri amene anabwera kudzadikira nkhani anationa nkhope n'kukumbukira kuti ali ndi zochita kwawo. Amayi sanafunse mtengo. Anapukuta manja pa chitenje n'kutambasula mikono.

"Bweretsa."

Achimwene anagwada, anamasula chiguduli, anawapatsa. Ine ndinali nditakonzeka kumva kulira, kapena kunyoza kuja kumene amayi amakudziwa bwino. Anayang'ana mzimayi womwetulirayo kanthawi kochepa chabe, ngati mmene umayang'anira mlendo wosochera amene waima pakhomo. Anachitembenuza msangamsanga, ngati kutsogoloko sikunali kofunika n'komwe.

Anaona penti wakudayo. Anayendetsa chikhatho pamwamba pake, kuchokera kumwamba mpaka pansi. Anakanda pangodya ndi chikhadabo.

"Pepala lija lili kuti?"

"Linali lakutha, amayi," achimwene anatero. "Ndinalitentha."

"Unalitentha."

"Linali ndi mphemvu."

Amayi anaika chithunzicho pamiyendo, chakumbuyo chili m'mwamba, manja onse awiri ali pamenepo. Analankhula osatiyang'ana, ndipo zimene ananena sindinazimvepo chibadwire.

Anati pakati pa achimwene ndi ine panabadwa ana awiri, chaka china mmodzi, chaka chinacho wina. Onse anamwalira asanatuluke m'chikuta, wina atakhala masiku atatu, wina asanu. Mwana wotero mwambo wathu sumuwerengera ngati munthu. Amakamuika amayi okhaokha, mwakachetechete, popanda kulira, popanda mtanda, popanda dzina, ndipo mawa lake umapita kumunda ngati sipanachitike kanthu. Sanabatizidwe, choncho ngakhale m'buku la ku mishoni mulibe. Koma abambo, anatero amayi, zinawakana. Patapita zaka, chithunzichi chitabwera m'nyumba, tsiku lina anachitsitsa, anatenga bolopeni, anawapatsa mayina ana awiriwo, n'kulemba kumbuyo pa pepala lija, dzina lililonse ndi tsiku lake. Abambowo anati pepala la m'nyumba muno limatha ndi chiswe kapena kuyatsira moto, koma ili palibe adzalikhudze.

"Anandiwerengera kamodzi," amayi anatero. "Ine sukulu sindinapite. Ndinkangodziwa malo ake, apa ndi apa." Analoza ndi chala pa penti wakudayo, malo awiri, kumanzere chakumwamba. "La wamkuluyo ndikulikumbukira. La wachiwiriyo linandithawa bambo ako atamwalira. Ndinkati tsiku lina ndidzakuitana iwe mphunzitsi undiwerengere, koma ndinkachita manyazi, poti zimenezi sitinena. Ndinkati lilipo, silithawa."

Zaka zonsezo ndinkalowa m'nyumba imeneyo, ine wophunzitsa ana a eni kuwerenga, ndipo dzina la m'bale wanga linali pakhoma, kuseri kwa thabwa, likudikira kuti ndifunse chifukwa chimene amayi salolera munthu kuchitsitsa.

Amayi anatembenukira kwa achimwene. Sanakweze mawu.

"Iwe unapitako kusukulu. Usanatenthe, sunawerengeko ngakhale pang'ono?"

Achimwene anali atakhala pansi, pa dothi, ndi jekete yawo ya maukwati.

"Ndimayesa n'Chijeremani chonse," anatero.

Amayi anagwedeza mutu, anawapatsa chithunzicho, n'kunena kuti apite nacho kwawo, akachipachike kumene akufuna. Achimwene analira tsiku limenelo, kulira kwa mwamuna wamkulu kosadziwa potulukira, ndipo ine sindinawatonthoze. Mwina ndi tchimo, ndinakalapa, koma ngakhale polapapo ndinkamva kuti ndikadali wokwiya.

Ndinayesa zimene ndikanatha. Ndinafunsa mayi wa ku Dzaleka uja ngati tsiku loyamba lija anajambulako kumbuyo. Anati ayi, amayi sanalole kuti achitsitse. Ndinapita kwa azakhali, alongo awo a abambo amene atsala, anati za mayina sanamvepo, ndipo anadabwa kuti mwamuna angachite zotero. Ndinapita ngakhale kwa mmisiri wa zikwangwani, ndinamupeza ali pa makwerero akujambula nkhuku pakhoma la malo odyera. Anati chithunzicho chinafika kwa iye kumbuyo kuli kale mbee, ndipo anandifunsa ngati amayi anachikonda.

Amayi akalipo, akuswabe mtedza wawo. Za chithunzi satchulanso. Koma ndikapita kukawaona, nthawi zina tili pakati pa nkhani ina, ya mvula kapena ya mtengo wa feteleza, amangoima, n'kutchula dzina lina mokweza, kulimvetsera mmene likumvekera. Kenako amapukusa mutu n'kunena kuti ayi, si limenelo.